Theka la Piritsi m'Supuni ya Phala

Mwana wanga woyamba anafika chaka ndi miyezi itatu asanagonepo yekha pamatilesi. Tulo ankatipezera kumsana kwanga basi. Mlandu umenewo ndi wanga, sindikukana, koma mumve kaye mmene zinthu zinalili.

Tinkakhala ku Chinsapo, m'nyumba za mdadada, zitseko zisanu, aliyense chipinda chimodzi ndi pabalaza. Bambo ake anali mlonda ku Area 18. Ankanyamuka dzuwa likupendeka n'kubwera m'mawa maso ali psuu, ndiye masana onse ntchito yanga inali yoti mwana asalire, iwo apume. Akangoti ng'ee, ndinkamuponya kumbuyo, kumanga chitenje, n'kumazungulira panja. Kuchapa ali kumbuyo, kukupiza mbaula ali kumbuyo. Iye anangodziwa kuti bedi lake ndi msana wa amake.

Usiku ndi pamene zinkandibwezera. Akagona, ndinkamasula mfundo pang'onopang'ono, kuwerama mpaka m'chiuno kulira, n'kumutsitsa ngati dzira. Mutu ukangokhudza matilesi, maso tong'o. Kulira kwake sikunali kwamasewera. Ankayamba wakhala chete kukamwa kuli yasa, mpweya utathawa, kenako n'kuphulika. Mlamu wanga anandiuza kuti ndizingomusiya alire, akatopa agona yekha. Ndinayesa kamodzi. Ndinakhala pabalaza nditatseka makutu, iye akundiitana mpaka anasanza. Sindinabwerezenso, ndipo ndinalumbira kuti sindidzabwereza.

Khoma la chipinda chathu silinkafika kumalata. Pamwamba panali mpata woti mphaka n'kudutsa osawerama. Kuseri kwake kunkagona amayi ena aakulu, ogulitsa mandasi pasiteji, amene ankadzuka kusanache kukakazinga. Akatsokomola ndinkamva. Akatembenuka pabedi ndinkamva. Ndiye ganizirani zimene iwo ankamva kuchokera kwathu.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza pampopi, pali azimayi ena atatu ndi ndowa zawo.

"Mwagona bwanji, amayi?"

Funso limeneli aliyense amadziwa yankho lake. Kaya wagona ndi njala, kaya wagonera misozi, umati tagona bwino, kaya inu. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Sitinagone."

Anathera pomwepo. Kaya inu panalibe. Mmodzi mwa azimayi aja anaseka n'kubisa nkhope mundowa.

Kuyambira tsiku limenelo moni wanga unasanduka msampha wodzitchera ndekha. Kusapereka moni kwa munthu wamkulu sindikanatha, sanandilere choncho. Ndikapereka, yankho linali lomwelo, tsiku ndi tsiku likuwonjezeka mchere. "Sitinagone, asisi. Wailesi yanu ija ilibe pozimitsira?" Tsiku lina anati, "Paja inu munapita kukoleji. Za kugoneka mwana sanakuphunzitseni? Kapena tsiku limenelo munajomba?" Satifiketi yanga ya zaulembi ndinali nditaipachika pabalaza m'galasi, ndipo iwo anaiona tsiku lina atabwera kudzapala moto. Madzulo omwewo ndinaitsitsa n'kuibisa pansi pa zovala musutikesi. Ndinkawada amayi amenewo. Ndinkadana ndi fungo la mafuta awo, ndi mmene ankakhwekhwerezera masilipasi podutsa pakhomo panga. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti ankanena zoona. Sankagonadi.

Patapita masabata awiri anandiimitsa pachingwe choyanika zovala.

"Alandilodi ndawauza. Akuti mwezi uno ukatha phokoso likadalipo, mupakire."

Alandilodi anali amayi ena okhala ku Area 36 ndipo ankabwera kamodzi pamwezi. Ine ndinkawaopa, sindinayankhulepo nawo kupitirira moni. Nditawauza bambo ake mwana, anangokhala pabedi nsapato imodzi atavula. "Nyumba yapafupi ndi msewu ngati ino tikaipeza kuti? Mwanayu ukhala naye ndiwe. Chitapo kanthu." Anatembenukira kukhoma n'kuyamba mkonono.

Mawa lake amayi aja anandiitana ndi mawu ena, ofewa ngati a munthu wapachibale. "Asisi, tabwerani kuno." Anatulutsa kapepala kopotokola pamfundo ya chitenje. Munali timapiritsi tachikasu tinayi. "A chimfine awa. Theka basi, muphwanyire m'phala. Ana anga onse anayi anakulira omwewa. Alipo wafa?"

Ndinkadziwa kuti n'zolakwika. Kusikelo anamwino anali atatichenjezapo, ndipo ine ndinali m'gulu la amene anagwedeza mutu modabwa kuti pali azimayi ochita zoterozo. Komabe ndinalandira ndi manja awiri, mpaka kunena zikomo. Ndinawasunga masiku atatu m'kachitini ka singano. Tsiku lachinayi, nditachezera usiku wonse chiimire, ndinathyola piritsi limodzi ndi chikhadabo, theka kuliphwanya ndi msana wa supuni, n'kusakaniza ndi phala. Mwana anayasama yekha. Ankandiyang'ana m'maso uku akumeza, n'kumamenya timanja pamwendo kuti ndiwonjezere.

Anagona mdima usanagwe bwinobwino. Ndinamutsitsa pamatilesi, sanatakataka. Koma tulo timeneto sitinali take. Mwana wanga akagona ankafumbata manja, ankayamwa lilime. Uyu anali wofewa ngati nsanza yonyowa. Ndinanyamula mkono wake n'kuusiya, unangogwa. Usiku wonse chala changa chinali pamphuno pake. Ndikaona ngati chifuwa sichikukwera ndinkamugwedeza, iye n'kubuula pang'ono, kenako zii. Kuseri kwa khoma munthu ankaliza mkonono wamtendere. M'mawa mwana anadzuka mochedwa, maso olemera, bere kukana, akati aime n'kugwa chagada. Pampopi amayi aja anayamba okha kundipatsa moni. "Lero ndiye tagona, asisi. Mwaona?" Ananditsinzinira diso. Ndinatula ndowa, kulowa m'nyumba, kutenga kapepala kaja n'kukaponya m'chimbudzi.

Kunatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu kuti mwezi uthe, ine njira ndilibe. Kumusiya alire ayi, mapiritsi ayi. Ndinaganiza kuti ngati chimene akufuna ndi msana, msanawo ndiupititse pabedi.

Ndinayambira masana, ndipo zinabweretsa mkangano, chifukwa bambo ake ndinawasamutsira pamphasa pabalaza. Anang'ung'udza kuti munthu wogwira ntchito akugona ngati mlendo m'nyumba mwake. Ndinawauza kuti asankhe, mphasa kapena kusaka nyumba. Ndinkamubereka mwana mpaka mutu uyambe kulemera paphewa, koma asanagoneretu ndinkakwera pabedi naye ali kumbuyo komweko, chitenje chili chimangire, n'kugona cham'mbali nkhope kukhoma. Ndinkagwedeza thupi pang'onopang'ono uku ndikung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Tsiku loyamba anazindikira kuti ndamupusitsa, anandikoka tsitsi. Ndinadzuka, kuzungulira naye, kubwereranso. Akayamba kulira sindinkadikira, ndinkaimirira nthawi yomweyo, akatonthola n'kugonanso. Usiku wina ndinadzuka kasanu ndi kawiri. Phewa lakumanzere linachita dzanzi mpaka ndinkalephera kusenza ndowa.

Amayi aja anazindikira msanga kuti mapiritsi ndawasiya. Mwana akangoti ng'ee, ankagogoda khoma ndi mthiko. Iye n'kudzidzimuka, ntchito yonse n'kuyambiranso. Usiku wina ndinayankha, ine amene sindinayankhepo munthu wamkulu chibadwire. "Gogodani, amayi. Likagwa mukalimanga nokha." Kenako ndinamva akutsonya.

Sabata yachiwiri ndinayamba kumasula mfundo titangogona, chitenje n'kungotifunda tonse awiri. Ankakanikiza tsaya pamsana panga, dzanja lili m'khosi mwanga. Kenako ndinayamba kusuntha pang'ono, mpata wa chikhatho chimodzi, mawa lake ziwiri. Tsiku lina ndinatembenuka n'kumuyang'ana, dzanja langa lili pamsana pake. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akuganiza zokasuma, kenako anakoka nsonga ya chitenje, kuiika kukamwa, maso n'kutsekeka. Sindinasangalale. Ndinkangoopa kupuma. Sikuti anasiyiratu kudzuka, ankadzukabe kamodzi kapena kawiri, koma ndikamusisita ankabwerera kutulo asanafike pokuwa.

Alandilodi anabwera Loweruka lomaliza la mwezi. Mawu ndinali nditawakonza masiku atatu. Ndinawapatsa mpando pakhonde, ine n'kugwada mwana ali kumbuyo.

"Amayi, za phokoso zija ndapepesa kwambiri. Panopa wayamba kugona. Mutipatseko mwezi wina muone."

"Phokoso lanji?"

"La mwanayu. Aneba anati munalamula kuti tipakire."

Anandiyang'ana ngati ndaledzera. "Ine? Ndithamangitse munthu chifukwa mwana akulira? Inuyo munabadwa mukuseka? Palibe anandiuza kalikonse, mwana wanga. Tadzukani apo, mundionetse chitseko cha bafa akuti chathyoka."

Ndinawaonetsa chitsekocho. Atangokwera kabaza, ndinapita molunjika kwa amayi aja. Ndinawapeza akutsuka beseni la mandasi kuseri kwa nyumba.

"Munandinamiza."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Pa chani?"

"Alandilodi simunawauze. Munandiopseza dala kuti ndimumwetse mwana mankhwala. Akanafa?"

"Wafa?" Anathira madzi pansi, ena n'kundithovukira kumapazi. "Ine ndimadzuka anthu ali m'tulo kuti ana anga adye. Miyezi ingati ndikuotcha zala m'mafuta chifukwa cha kusinza? Munandifunsapo? Ndinakupatsani timapiritsi, inde. Koma tandiuzani, asisi ophunzira, supuni ndinagwira ine?"

Azimayi awiri anali ataima pachingwe, zovala zili m'manja, akudikira kuti ndiyankhe. Ndinabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko.

Tinakhalabe m'nyumba imeneyo chaka china chathunthu, khoma lomwelo, osayankhulana. Mwana wanga akathamangira beseni lawo ndinkamukoka mkono mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira. Pano ali kusukulu ya mkaka, amagona yekha, nthawi zina pansi penipeni nsapato ali chivalire. Akadwala chimfine n'kundilembera mankhwala kuchipatala, ndimafunsa kawirikatatu muyezo wake mpaka adokotala kutopa nane. Amayi aja ndimawadabe, sindinama. Bambo ake amadziwa za bodza la alandilodi, amadziwa za mthiko, ndipo amakonda kufotokozera anzawo nkhaniyi akuseka. Za phala lija sindinawauze mpaka lero.