Injini ya Walter Inkagogoda Pansi

Patangotha sabata ziwiri chiikireni maliro a mwamuna wake Walter, Zelesi wa kwa Wimbe anakhala pakhonde n'kumaonerera mlamu wake Phillip akutulutsa pikapu pabwalo. Njinga inali itapita kale. Ngolo, wailesi, mpaka mikangala yoyanikira fodya m'chigafa, zonse anagawana achibale. Ine ndine wamasiye mnzake, ndipo ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa anthu otere ndawaona. Amalira kwambiri pamanda, maso ali pa makiyi.

Pikapuyo ndi imene Walter ankanyamulira mabelo a fodya a anthu kupita nawo ku okushoni. Zaka khumi ndi ziwiri Zelesi ankaizindikira isanatulukire n'komwe, ikadali kuseri kwa zigafa. Ikangolira, iye ankatereka madzi osamba.

Tsopano inkadutsa mumsewu m'mawa ndi madzulo, kulira kwake komweko, koma osakhotera kunyumba. Madzulo ena Zelesi ankadzuka kukatenga ndowa, n'kukumbukira ali pakati pa bwalo.

Tsiku lina anamva chachilendo. Pansi pa kulira kwa masiku onse kunali gu, gu, gu, ngati munthu akusinja kuseri kwa nyumba ya eni. Anaimitsa Phillip pamsewu n'kumuuza kuti galimotoyo ikudwala m'kati.

Phillip anaseka. "Alamu, chisoni chakulowani m'makutu. Bwererani mukasankhe fodya."

Komabe phokosolo nayenso analimva. Ndiye anachita zimene madalaivala aulesi amachita: anathira oyilo wolemera wa m'giyabokosi mu injini kuti itseke pakamwa, n'kukweza wailesi. Kugogoda kunazilaladi. Patatha sabata zitatu, mabelo ali pamwamba, injini inanoka n'kuferatu pakati pa msewu.

Anaikoka ndi ng'ombe n'kudzaisiya pabwalo la Zelesi. Phillip ankauza anthu kuti malemu akuikaniza galimotoyo. Taonani bodza lake! Kuipha yekha, mlandu n'kupatsa munthu wakufa.

Nkhuku zinayamba kuikira mazira kumbuyo kwa pikapuyo. Zelesi ankalowa n'kukhala pampando wa dalaivala, pamene panali pothifuka ndi msana wa Walter. Msewu tsopano unali zii. Anandiuza kuti bola nthawi imene inkamudutsa, chifukwa ankaimvako. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: galimotoyo ilirenso, ndipo ikhale pakhomo pake.

Anapita kwa a Yassin, makaniko wachikulire amene ali ndi galaja patsinde pa mtengo pamsika. Anawauza kuti akufuna aphunzire. A Yassin anamuyang'ana chitenje, n'kunena kuti ntchitoyi ndi yakuda, abwerere. Mawa lake anabweranso. Mkuja anabweranso, n'kuyamba kutsuka zitsulo mu palafini popanda womutuma. Sabata itatha, a Yassin anamupatsa sikuludiraiva yaitali.

"Nsonga muike pa injini, chogwirira pakhutu. Musandiuze zimene mukuganiza, mayi. Mundiuze zimene mukumva."

Anaphunzira kuti phokoso lililonse lili ndi kwawo. La tsiki-tsiki lopepuka, lochokera pamwamba, kawirikawiri ndi matapeti, ndipo amangofunika kuwasintha pang'ono. Koma lolemera lochokera pansi, lokula ukaponda moto, ndi mabering'i amene atha, ndipo pamenepo umazimitsa galimoto pompo. Anaphunzira kuzula mawaya a mapulagi limodzilimodzi injini ikulira. Pamene kugogoda kwachepa, vuto lili pomwepo.

Tsiku loyamba waya unamugwira magetsi mpaka anagwa chagada. Madalaivala a matola anaseka mpaka kugwira m'mimba, ena akuti wakwatiwa ndi batire. Zelesi anadzuka, anasasa fumbi, n'kugwiranso waya womwewo, ulendo uno ndi pulayala.

Chimene sankadziwa osekawo ndi zala zake. Munthu amene wasankha fodya kuyambira ali mtsikana amadziwa tsamba pongolikhudza. Zelesi akatikita oyilo wakale pakati pa zala, ankamva timchenga ta chitsulo a Yassin asanationere padzuwa.

Kunabwera mphunzitsi wamkulu wina ndi galimoto yake yofiira, akuthamangira ku boma. A Yassin anamvetsera n'kunena kuti ndi matapeti, apite adzabwere Loweruka. Zelesi anakana pamaso pa onse, nati phokosolo likuchokera pansi. Mphunzitsiyo anafunsa kuti kodi mayiyu analekeza kalasi yanji. Atatsegula pansi pa injini anapeza mabering'i atadyeka mpaka kuoneka mkuwa. Ikanafera panjira.

A Yassin sanachite manyazi. Kuyambira pamenepo, galimoto ikabwera ndi phokoso ankati ayambe amva mayi Zelesi.

Atatsegula injini ya Walter, Zelesi analira. Ndodo ya pisitoni inali itathyoka, kalankishafuti itakalikakalika, oyilo ali phala lakuda. Zitsulo zatsopano zinabwera chimodzichimodzi, nyengo ziwiri za fodya, iye akugwira kugalaja masana n'kumasankhanso fodya wa eni. Zakale zonse ankaziponya m'thumba la feteleza.

Injiniyo inalira Lachinayi lina m'mwezi wa Epulo, misika ya fodya itangotsegulidwa. Lachisanu m'mawa Phillip anali pabwalo, atavala jekete. Anati wamva kuti galimoto ya achimwene ake yachira, ndiye wabwera kudzaitenga, poti ndi katundu wa kubanja. Anthu anasonkhana. Ena ankati Zelesi angoipereka kuti pasakhale udani.

Zelesi analowa m'nyumba n'kutuluka akukoka thumba lija. Analikhuthula pamapazi a Phillip. Ndodo yothyoka, mabering'i opsa, zonse zinagwa mufumbi.

"Ya achimwene anu ndi iyi, alamu, mmene munaisiyira. Nyamulani. Imene ikulirayo ndamanga ndine ndi manja awa."

Phillip anayang'ana anthu kuti amuthandize. Mayi wina anangomufunsa ngati akufuna nkhata yosenzera. Anachoka, thumba n'kulisiya.

Lero Zelesi amanyamula yekha mabelo kupita ku okushoni, ndipo madalaivala amachoka mpaka kwa Kaluluma kudzamupatsa injini kuti amve. Koma ndisakunamizeni. Ndinamufunsa ngati mtima wakhala pansi, iye anati injiniyo ikulira bwino kwambiri, bwino kuposa kale, ndipo n'chifukwa chake sikumveka ngati Walter. Amene anapita sabwera chifukwa choti wamanga zitsulo. Koma ana ake awiri akudya, akupita kusukulu, ndipo makiyi amagona m'thumba mwake.

Ndiye inu amene akulandani, amene akukusekani kuti simunapite patali ndi sukulu, ndimveni. Lirani, palibe amene angakuletseni. Mukatha kulira, mupite kumene kuli ntchito, akakubwezani mubwererenso mawa. Mtima wanuwo musaupereke kwa anthu amene anatenga kale njinga ndi ngolo. Umenewo ndiye muukanize.