Kukafuna Khoma la Shawa ku Springburn

Ndinanyamuka kwathu ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow, Loweruka m'mawa mvula ikuwaza. M'chikwama munali tepi yoyezera ndi chibenthu cha pulasitiki chachikulu ngati chikhatho. Chibenthucho chinachokera pakhoma la shawa ya m'galimoto yathu yogonamo, zija zimakhala ndi bedi, pophikira ndi kabafa mkati. Tinaigula yakale ine ndi amuna anga, bambo a Tamanda, kuti tikapuma pantchito tizikaona mapiri a kumpoto. Koma sitiroko inawapeza tisanapite kulikonse, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafooka.

Atayamba kuyenda ndi ndodo, tinayesa ulendo waufupi. Ali m'shawa anaterereka n'kuyedzamira khoma, khomalo n'kungoti phwa ngati chigoba cha dzira. Anagwa, n'kuchekeka paphewa. Kuchokera pamenepo nyimbo yawo inali imodzi: "Igulitseni basi, mayi a Tamanda. Zoyendayenda kwa ine zinatha." Ine ndinkadziwa kuti tikaigulitsa, munthuyu sadzatulukanso m'nyumba. Tsono mnzanga wina wa kukwaya atandiuza za malo ena ku Springburn komwe amaphwasula magalimoto otere, sindinafunse wina aliyense maganizo.

Sitima ndinakwerera pa Crosshill. Tikiti yopita ndi kubwerera inadya mapaundi anayi ndi timakobili. Nditatsika pa Central ndinadutsa m'tauni wapansi mpaka ku Queen Street, ambulera atatembenuzika kale ndi mphepo, ndipo ndinamusiya m'bini ya pakhomo pa siteshoni momwe munali anzake angapo.

M'sitima yachiwiri ndinakhala moyang'anana ndi mayi wina wachikulire, wa kuno konkuno. Ataona ndikutembenuza chibenthu chija, anandifunsa ngati ndathyola filiji. Nditafotokoza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Malemu amuna anga anamata matailosi m'shawa ya kalavani yathu," anatero. "Zinakongola sabata imodzi. Titalowa msewu wa mabampu, kumbuyo kunamveka ngati wina akutaya mbale. Nyumba yoyenda imagwedezeka, thadzi. Usaikemo chinthu chouma gwa."

Kuno mzimayi akakuitana kuti thadzi, ndiye kuti wakukonda. Kwathu ku Dedza mawu amenewo angathetse ubale. Ndinathokoza, matailosi n'kuwachotsa m'mutu, chifukwa kunena zoona ndinali nditawaganizirako.

Kuchokera pa siteshoni ya Springburn ndinayenda kudutsa nyumba za khansolo mpaka kumapeto kwa kamsewu kena kodzaza zithaphwi. Kuseri kwa mpanda wa malata kunali magalimoto ogonamo ndandanda, ena opanda matayala, ena atamera ndere. Mwini malowo anali bambo wamfupi wovala ovolosi, ndipo Chingerezi chake ndinkachimva theka ngakhale ndakhalitsa mumzinda uno. Ndinamusonyeza chibenthu.

"Zonse zakale zimatero," anatero. "Madzi otentha, kuzizira, mankhwala otsukira, pulasitiki yopyapyala imafika pouma. Yatsopano ndikhoza kukuitanitsirani."

"Yatsopano nayonso idzakalamba," ndinayankha. "Ndikufuna ndione zomwe zakalamba kale koma zikadali zolimba."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana nsapato zanga za kutchalitchi, kenako anati ndilowe paliponse pomwe chitseko chikutseguka.

Ndinayamba kukwera galimoto imodzi ndi imodzi. M'shawa iliyonse ndinkaima monga amaimira amuna anga, n'kudzigwetsera kukhoma ndi phewa lakumanzere. Ndine mzimayi wathupi, sindibisa. Yoyamba inali ndi pulasitiki yachikasu yonga yathu, ndipo phewa langa linapitirira mpaka kukakhudza thonje la kuseri. Galu wa pamalopo anayamba kuuwa.

"Amayi, mwabwera kudzagula kapena kudzagumula?" mwini uja anafuula ali panja.

"Ndikuyesa katundu!" ndinatero, ndikuchotsa zinyenyeswa m'tsitsi.

Ina inali ndi khoma la pulayiwudi wokutidwa ndi chipepala chonyezimira. Pamwamba linkaoneka bwinobwino, koma m'munsi, pomwe madzi ankalowera m'mphepete, linali litatupa n'kuda, ndipo chala chinalowa ngati mu buledi woviika mu tiyi. Fungo lake linanditulutsa msanga. Zina zinali ndi timatabwa ta pulasitiki tolumikizalumikiza, toyera ndi tosawola, ndipo mtima unayamba kukhala m'malo. Koma nditakanikiza ndi chala chachikulu panatsala chibowo, pakuti mkati mwake n'mopanda kanthu. Pamenepo simungamangirire chitsulo choti munthu wamkulu agwirire.

Dzuwa litafika pamutu, ngati linalipo kuseri kwa mitamboyo, ndinali nditanyowa mpaka m'masokosi. Ndinagula tiyi ndi banzi la soseji ya makona anayi pa kagalimoto kogulitsa zakudya kunja kwa mpanda, n'kudyera choimirira. Wogulitsayo anandifunsa ngati ndine wa khansolo wodzayendera malowo. Ndinati ayi, ndine wodzayendera mabafa. Anandiwonjezera shuga osafunsanso china.

Nditabwerera, ndinapita kumapeto kwenikweni kwa mpanda. Kumeneko kunali galimoto yophwanyika kutsogolo, denga litabooka, pansi patamera udzu. Khoma la m'shawa yake linali lobiriwira ndi ndere. Nditapukuta ndi mkono wa jekete, pansi pake panali poyera ndi posalala. Ndinadzigwetsera. Linangonyutuka pang'ono n'kubwerera m'malo. Ndinabwereza mwamphamvu, galimoto yonse n'kugwedezeka, koma khoma lili nji. Ndinalimenya ndi chidendene cha nsapato. Ngakhale mng'alu.

"Limenelo ndi la faibagilasi, zomwe amapangira maboti," anatero mwini uja atasuzumira. Analidula ndi makina molingana ndi muyeso wanga. Anandiuzanso kuti kuseri kwake, pomwe padzakhale chitsulo chogwirira, ndidzaike thabwa lokhuthala, ndipo pomata ndigwiritse guluu wosauma gwa kuti khoma lizitsatira galimoto ikamagwedezeka. Mtengo tinagwirizana mosavuta. Za khoma lomwe ndinaboola lija anati ndi bonasi.

Vuto linayambira pageti. Chinthucho chinali chachitali kundiposa. Ndinaganiza zokwera basi kuti ndisayende mtunda, koma dalaivala atangochiona anapukusa mutu, chitseko n'kutseka. Ndinaima pamenepo mvula ikundimenya. Kenako ndinavula sikafu, n'kuipinda nkhata, n'kusenza.

Ndinali ndisanasenze katundu pamutu chichokereni kumudzi, koma khosi silinaiwale. Chomwe sindinachiwerengere ndi mphepo ya ku Glasgow. Ikawomba, ndinkatembenuka nayo ngati tambala wachitsulo wa padenga wosonyeza kolowera mphepo, ndipo pena ndinkayenda cham'mbali ngati nkhanu. Pa siteshoni kondakitala anandifunsa ngati ndi chitseko. Nditati ndi khoma la bafa, anandilozera poika njinga, n'kundithandiza kulimangirira. M'tauni ndinatsika nalo msewu wa Buchanan pakati pa anthu ogula zovala, ena akujambula pafoni, ena akupatuka mwaulemu ngati kukudutsa maliro. Bambo wina woledzera anandichitira sawatcha. Ubwino wake, aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti mvula isandinyowetse.

Ndinafika ku Govanhill chakumadzulo, khosi likuwawa, mapewa onse ali dzanzi. Amuna anga anandiona pawindo. Ndisanaganize n'komwe zokwera nalo, ndinamva ndodo ikugogoda pamasitepe. Anatsika okha, pang'onopang'ono, chinthu chomwe anali atasiya kuchita popanda wowagwira. Ndinaimika khomalo pambali pa galimoto yathu, yomwe imagona mumsewu kuseri kwa nyumba.

"Mwachokera nalo kuti chimenechi?"

"Ku Springburn."

"Pamutu?"

"Nanga likanayenda lokha?"

Analigogoda ndi ndodo. Analikankha ndi dzanja labwino lija, n'kulikankhanso. Mvula inkawadonthera pachipewa. Ine ndinkadikira nyimbo ija yoti tigulitse.

"Chitsulocho musadzachiike pamwamba," anatero. Ananyamula dzanja lofooka lija ndi linzake, n'kuligunditsa pakhoma cha m'chiuno. "Apa. Dzanja ili limafika apa."

Ndinatulutsa cholembera m'chikwama n'kuchonga pomwe panali zala zawo.

Pa ulendowu ndinaphunzira kuti kulimba kwa chinthu sumakufunsa kwa wogulitsa chatsopano. Umapita komwe zakale zinatayidwa, n'kuyedzamira wekha. Mawa lake sindinathe kutembenuza khosi kutchalitchi, koma pobwerera ndinapeza bambo a Tamanda ali m'galimoto, akuchotsa zotsalira za khoma lakale ndi dzanja limodzi.