Nyenyezi Yofiila ndi Ba Tembo

Azungu atangoponda pamwezi, ine ndinajambula masewela pa katoni kwathu ku Kabwata. Panali nyenyezi zinayi, iliyonse ndi njila yake yopita kumwezi, ndipo zitsekelelo za mabotolo ndizo zinali maloketi olimbilana mwezi. Ndinalumbila kwa anzanga kuti palibe nyenyezi yoposa inzake: ina inali yothamanga, ina ya maloketi ambili. Koma yofiila, imene ndinkasankha ine nthawi zonse, ndinaifupikitsila njila mwakabisila.

Lamlungu lina apongozi anga aamuna anabwela kuchokela ku Chelstone. Mwaulemu tinati ayambe iwo kusankha, ndipo anatenga yofiila. Atatigonjetsa mosavuta, anayeza njila zonse ndi kamtengo ka machesi.

"Uku n'kuba! Anajambula ndani?"

"Ni ba Tembo," ndinatelo, ndikuloza neba wanga, mkulu wa mpingo, amene anakhala pambali panga penipeni.

Ba Tembo anandiyang'ana kukamwa kuli yasaa. Kenako anavula chipewa.

"Ndine, atate. Munikhululukile."

Apongozi anawadzudzula mpaka tiyi anazizila, ine ndikugwedeza mutu movomeleza. Mpaka lelo ba Tembo sanaitchulepo nkhaniyi. Bola akanangondimenya mbama.