Sitandi imene Daison anayezera pa msana wake

Praymore ndi mwana wa Daison ndi Betty. Daison ndi wanga, wachiwiri kubadwa, amene ndinabereka ndi malemu a Sandifolo kuno ku Lalapanzi. Betty kwawo ndi ku Lower Gweru, kwa anthu ataliatali ngati bulugamu. Praymore anakwatira Progress, ndipo ali ndi ana awiri, Tinevimbo ndi Glory. Ndayamba ndi mayina dala, chifukwa anthu akamva kiyibodi ikulira kutchalitchi amangoti "mnyamata wometa uja", ngati anagwa mumtengo. Ali ndi kwawo ameneyo. Ndi mdzukulu wanga.

A Sandifolo anachokera ku Ntcheu kudzakumba miyala ya kuromu m'migodi. Kuromu wa kuno amagona mopyapyala pansi pa nthaka, ndiye munthu amamutsatira chokwawa. Kokumbako sikuimirika. Amuna anga analowa mumgodi ali owongoka, anatulukamo atapindika ngati chogwirira cha ambulera. Daison naye anatero. Mgodi utatsekedwa anagula makina owotcherera zitsulo n'kuyamba kupanga mageti ndi mafelemu a mawindo kuseri kwa nyumba yake, koma msana sunabwererenso. Tsiku limene Praymore anabadwa ndinamuuza Daison pamaso pa apongozi ake kuti uyu yekha sadzalowa pansi. Misana iwiri yakwana, wachitatu mgodi sudzauona.

Ndipo sanalowedi. Anaphunzira kumeta, ali ndi kachipinda kake pamashopu, galasi lalikulu ndi mpando uja wopopa ndi phazi. Wamfupi akakhalapo amaukweza, wamtali amautsitsa, kuti mutu uliwonse ufike pamene manja ake akufuna. Tsiku lonse amagwira ntchito chilili, khosi lili njo.

Msinkhu anatengera kwa amayi ake. Asanamalize sukulu anali atawapitirira kale bambo ake. Ife tinamulera mwa kwathu, kuti mwana saimirira pamutu pa bambo ake, amanjuta kapena kukhala pansi ndiye n'kumalankhula. Praymore mwambo umenewu anaugwira koposa ana onse. Akangolowa pageti la Daison amayamba kale kudzichepetsa, n'kufunafuna njerwa yokhalira. Akamayenda onse awiri amatsalira m'mbuyo, mutu pansi. Ine ndinkanyadira zimenezi, ndipo ndinkawanyoza nazo amayi anzanga amene ana awo amapereka moni manja ali m'thumba.

Kuimba anayamba ali wamng'ono. Mpingo wathu utalandira kiyibodi kuchokera kwa mwana wathu wina amene amagwira ntchito ku Joni, panalibe wina woigwira koma iye. Inali yaitali, yolemera, ya makiyi olimba ngati a piyano, koma inabwera yopanda sitandi. Anaiika patebulo la mgonero, akulu a mpingo anakana. Anaiika pa thabwa lositirapo zovala, ndipo pa ukwati wina thabwalo linagwada pakati pa nyimbo, Praymore n'kuiwakha ndi mawondo. Anthu anaseka mpaka mkwatibwi yemwe.

Daison kutchalitchi amapita pakakhala maliro basi, koma nkhaniyo inamupeza.  Anatola mapaipi akale a mumgodi ndi jombolo, zitsulo zija zobowolera mwala, n'kudzitsekera kuseri. Ine ndinamuona akuyeza. Anaimirira yekha, anatambasula manja ngati akuimba, n'kuuza Betty kuti alembe ndi choko pakhoma pamene zala zafika. Atamaliza anaipaka penti wachikasu, ndipo pa chitsulo chopingasa anawotchererapo dzina, PRAYMORE, chilembo chilichonse chotukuka kuti ngakhale wakhungu awerenge ndi chala.

"Lo sitandi yena mushe," anatero m'Chilapalapa chake cha kumgodi, kutanthauza kuti sitandiyo ndi yabwino. "Ngakhale njovu ikhalepo, aziko ndaba, palibe vuto."

Praymore anali atanjuta pambali pake. Anaomba m'manja n'kuthokoza m'Chishona. "Maita basa, baba. Mwandichotsa manyazi."

Sitandiyo inali yolimba, zimenezo palibe angatsutse. Kuinyamula pankafunika amuna awiri, kapena wilibala. Makondakitala a kombi akaiona patali ankayamba kutukwana. Koma vuto lenileni linali lakuti inkamufika Praymore m'munsi mwa chiuno. Iye amaimba ataimirira chifukwa ndi amenenso amatsogolera nyimbo, ndiye kuti zala zifike pamakiyi ankawerama, manja atathyokera m'mbuyo. Kukhala pampando sikunkatheka, mawondo ankagunda chitsulo cha dzina chija. Anayesa kuika njerwa kunsi kwa miyendo ya sitandiyo, koma tsiku lina Daison anadutsa patchalitchi nthawi ya kwaya n'kufunsa kuti, "Kodi pansipa mpokhota?" Njerwa zinachoka tsiku lomwelo.

Anaimba choncho zaka zingapo: Lamlungu lililonse, kwaya pakati pa sabata, maukwati, maliro a ku Mvuma, misonkhano ya chitsitsimutso. Progress ndi amene anayamba kundinong'oneza kuti mwamuna wake m'mawa amadzuka ngati nkhalamba, ndipo zala za kumanja zimachita dzanzi. Kenako makina ometera anamupulumuka ali pamutu pa munthu, n'kusiya msewu pakati pa tsitsi. Munthuyo sanabwerenso. Kuchipatala anamwino anamufunsa ngati amagwira ntchito mumgodi.

Ine zinandilowa pa maliro a ku Somabhula. Tikuchokera kumanda ndinaona munthu patsogolo panga, jekete lakuda, mapewa atagwera kutsogolo, akuyenda mokoka mwendo. Ndinaitana kuti, "Daison, dikira amako!" Wotembenukayo anali Praymore.

Nsima ya pamaliro sindinadye. Lachiwiri lake ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi, ndinatenga ambulera, n'kukaima pakhomo pa kachipinda kake.

"Tsekani, amuna anga, tikupita ku Gweru." Mdzukulu ndimamutchula choncho, monga timachitira kwathu.

"Gogo, ndili ndi makasitomala."

"Ometedwa msewu aja? Adikira."

Mushopu ya zoimbira tinapeza mtsikana wogulitsa, dzina lake Dorah. Ankalankhula Chishona, ine ndikumuyankha m'Chichewa, ndipo tinamvana bwinobwino. Anatulutsa masitandi anayi. Ina inali yopingasa ngati sizasi, ya chitsulo chimodzi mbali iliyonse. Ndinaigwedeza ndi dzanja limodzi, inavina.

"Iyi ndi ya tizidole ta ana," ndinatero. "Chotsa."

Ina inali ya miyendo inayi ngati tebulo. Dorah anati imeneyo ndi yabwino kwa woimba atakhala, chifukwa mawondo amapeza malo, koma siikwera kufika pa munthu wamtali woimirira. Yachitatu inali yokhota ngati chilembo cha Z, yolimba zedi, yokwera bwino, koma kuti ilowe mukombi umayenera kuimasula zidutswazidutswa. Ndinaganiza za Praymore akufunafuna bawuti mu udzu wa kumanda, anthu akudikira nyimbo. Ndinakana.

Yotsala inali ya sizasi yomweyo koma ya zitsulo ziwiriziwiri. Imapindika n'kukhala yafulati, munthu n'kuikolekera m'khwapa. Pakati pake pali kambale ka zibowo ndi pini. Ukasuntha pini, sitandi imakwera kapena kutsika. Dorah anatichenjeza kuti ukaikweza kwambiri mikono yake imayandikana, ndiye kiyibodi yaitali imalendewera m'mbali, choncho uyenera kuyesa ndi kiyibodi yeniyeni. Anatenga ya mushopu yofanana ndi yathu n'kuiikapo.

"Mukoma, imirirani mmene mumaimira," anatero kwa Praymore, kumutchula achimwene m'Chishona. "Tsitsani mapewa. Pindani zigongono. Mkono kuchokera pachigongono kufika kuzala ukhale wogona ngati thabwa, dzanja lisathyoke."

Praymore anaimirira, koma msana unapita wokha kumene unazolowera. Ndinamugogoda ndi ambulera pakati pa mapewa.

"Wongokani! Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna, osati mbedza."

"Gogo, mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Manyazi ndi kumeta munthu msewu."

Dorah anaseka mpaka kugwira kauntala. Anasuntha pini kamodzi, sizinakwane. Anasunthanso. Pa chibowo chotsatizana ndi chomaliza, manja a Praymore anagona pamakiyi ngati anabadwira pomwepo. Ndinakankha kiyibodi mbali iyi ndi iyo, sinasunthe. Praymore anayamba kuimba nyimbo ya m'buku, ija ankaikonda agogo ake aamuna, ndipo anthu odutsa pakhonde anaima. Ine ndinkangoyang'ana khosi lake. Ndinapempha Dorah penti wake wa m'zikhadabo, wofiira, n'kudontheza pa chibowocho kuti wina asadzasokoneze.

Tinaigula. Tili mukombi pobwerera, sitandi ili pamiyendo, Praymore anayamba.

"Gogo, izikhala kwanu kunsi kwa bedi. Ndizidzaitenga popita kutali. Kuno ndiziimbira ya baba."

"Kunsi kwa bedi langa kuli mbatata ndi sutikesi. Zobisira bambo ako kulibe malo ake."

"Mukudziwa mmene anaivutikira ija. Anatentha chala polemba dzina langa."

"Chala chinapola. Nanga msana wako?"



Loweruka masana ndinatuma anyamata a kwaya kuti akankhe sitandi yachikasu pa wilibala mpaka kwa Daison, kiyibodi ili pamutu pa wina. Yatsopano ndinanyamula ndekha, kuti anthu aone kuti nkhalamba ikutha. Praymore ankabwera m'mbuyo ngati mbuzi yopita kokagulitsidwa. Daison tinamupeza akuwotcherera geti. Anazimitsa makina, anakweza chigoba chakumaso, n'kuyang'ana masitandi awiri ataima pabwalo pake. Praymore anali atapeza kale njerwa.

"Mayi, kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Ima apa, uike manja pakiyibodi."

Anaima pa yachikasu. Manja anagona bwinobwino, zigongono pamalo pake, ngati mmene Dorah ananenera.

"Mwaona? Mushe," anatero.

"Mushe kwa iwe. Praymore, dzuka."

Anadzuka, koma theka.

"Ndati dzuka. Wongoka ngati uli kuntchito kwako."

Anayang'ana bambo ake, anayang'ana ine, kenako anawongoka pang'onopang'ono, mafupa akulira. Betty anatuluka m'khitchini ndi mbale m'manja n'kuima pakhomo. Daison anayamba kukweza nkhope. Anakweza, anakwezabe, mpaka chigoba chinagwa kumbuyo. Mutu wake unkalekeza pachifuwa cha mwana wake. Manja a Praymore, ali chiwongokere, sankafika n'komwe pamakiyi.

"Iwe," anatero Daison, "unatalika liti chonchi?"

"Kalekale, baba."

"Nanga ine ndinali kuti?"

 Anali pomwepo masiku onse, koma mwana wake anali asanaimepo chilili pamaso pake chikulireni. Tinamuphunzitsa tokha.

"Bwanji sunanene kuti njaifupi?"

"Munali mutalembapo dzina langa."

Daison anatola chigoba chake n'kuchipukuta fumbi nthawi yaitali. Kenako anapita pa sitandi yatsopano, anaitembenuza, anapenda mowotcherera mwake ndi chikhadabo, anakoka pini n'kuibwezera.

"Zitsulo za machesi," anatero. "Mvula ziwiri, dzimbiri." Anaipinda, anaitambasula, anaipindanso. "Koma pini iyi anaganiza bwino. Imbira yomweyi, ndisakuonenso utapindika. Yangayi isiye pano. Ndiwonjezera miyendo, izikhala kutchalitchi osayendayenda. Ubwere Lolemba ndidzakuyeze ndi tepi, utaima ngati mmene unaimira apa."

"Ndibwera, baba." Ponena mawu amenewa anali atabwerera kale pa njerwa.

Kuyambira pamenepo Praymore amaimbira yopinda ija. Amaikolekera m'khwapa, makondakitala sadandaula, dzanzi linachepa, ndipo makina ometera sanamupulumukenso. Lamlungu ndimakhala kumbuyo dala kuti ndizimuona msana. Tinevimbo wayamba kuphunzira. Bambo ake amamutsitsira pini mpaka pansi, akamaliza n'kuibwezera pa kadontho kofiira.

Koma Lolemba lija silinafike. Daison anadula mapaipi anayi, aataliatali kuti adzachepetse akayeza, ndipo ali chiimire pakona pa shedi yake pambali pa sitandi yachikasu. Tepi anaipachika pamsomali pomwepo. Praymore amapitako kawirikawiri, amawatengera ndiwo, amawameta bambo ake ulere pakhonde, koma akangoona dzanja likupita kumsomali amakumbukira kuti wasiya kasitomala. Ndinamufunsa kuti vuto n'chiyani.

"Gogo, tsiku lija ndinaona pamwamba pa mutu wa baba ndili chilili, iwo akundiyang'ana chokweza nkhope ngati mwana. Pometa ndi zina, amakhala pampando. Zija sindingazibwereze."

Daison naye ndinamuuza kuti angoyeza pa kadontho kofiira, nkhani ithe. Anakana. Akuti sangakopere muyeso kwa anthu opanga zitsulo za machesi, mwana ndi wake, amuyeza yekha.

Ndiye zili pamenepo. Bambo sanapereke miyendo inayi imene analonjeza, mwana sanapereke msinkhu wake. Dzulo ndinadutsako, ndinapeza Betty atayanika matawulo pa sitandi yachikasu, dzina lija litaphimbika theka. Ndinawachotsa n'kumuuza kuti chingwe chilipo.