Tinsanza ta Mayi Aang'ono

Nkhondo itatha tinabwerako ku Malawi kumene tinathawira, n'kupeza mudzi wathu ku Mongue uli tchire lokhalokha. Kachipatala kathu, kamene timati posito, kanangotsala makoma awiri, mpapaya utamera pakati. Amayi a m'mudzi tinagwirizana zoumba njerwa kuti kamangidwenso. Ine ndinali ndi mwana mmodzi kumbuyo. Wotitsogolera anali mayi anga aang'ono, amene anandilera mayi ondibereka atamwalira. Anali munthu wamphamvu, wosenza njerwa zisanu ndi imodzi pamutu uku akuseka ife atsikana kuti ndife aulesi.

Tsiku lina ndinawapeza kumtsinje, kumunsi kumene anthu sachapirako, akuchapa tinsanza ta magazi. Ndinadabwa chifukwa anali atasiya kalekale kupita kumwezi.

"Mayi, kodi chimenechi n'chiyani?"

"Iwe, si zofunsa mwana izi. Ndi njerwa zija zandimasula m'chiuno. Tikamaliza kumanga zisiya zokha. Usauze munthu."

Sindinauzedi munthu. Ndinkaona ngati ndikuwasungira ulemu. Chaka chinatha, iwo akungowonda, ndipo kutchalitchi anayamba kukhala kumbuyo okhaokha chifukwa cha fungo. Atalephera kudzuka, amuna anga anawakweza panjinga n'kumaikankha mpaka ku vila, ndiko kuti tauni ya Milange, ine ndikuwagwirira kumsana. Namwino atawaona ananditengera pambali n'kundiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira kale. Tinabwerera nawo ndi mankhwala ochepetsa ululu basi. Anamwalira nyemba zisanakhwime m'munda.

Patapita zaka zambiri, ine ndili ndi zidzukulu ziwiri, analengeza kutchalitchi kuti kuposito ayamba kuyeza amayi matenda omwewo, ngakhale amene sakumva kupweteka paliponse. Munthu angaganize kuti ndinali woyamba pamzere. Ayi ndithu, ndinazengereza miyezi itatu. Kumsika kunkamveka zoti akakuyeza amakuchotsa chiberekero iwe osadziwa, ena amati chitsulo chake chimang'amba. Ine zimenezo sizinkandiopsa kwenikweni. Ndinkaopa kumva dzina la matenda aja likutchulidwa pa ine.

M'mawa wina amuna anga anapopa matayala a njinga n'kuima pakhomo.

"Amake ana, valani tizipita. Ndinanyamulapo kale munthu mmodzi mochedwa. Wachiwiri ayi."

Namwino amene ndinamupeza anali wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe. Manyazi anandigwira moti ndinafuna kutuluka. Iye anazindikira, anatseka zenera, n'kundifunditsa kapulana, chitenje changa chomwe, mpaka m'maondo.

"Amama, musaope. Ndingopakapo viniga, yemweyu wa kukhitchini, kenaka tidikire pang'ono tione."

Chitsulo chinali chozizira, koma sichinang'ambe kalikonse. Ndinangoyang'ana malata kudenga. Patapita kanthawi namwino anayang'ananso.

"Ndaona kamalo koyera," anatero. "Si khansa, mundimvetse bwino. Koma tikakasiya, pakapita zaka kangathe kusanduka khansa. Ku vila akakaziziritsa ndi makina, kafa."

Ndinalira pomwepo pabedi. Iye ankaganiza kuti ndi mantha, n'kumandisisita phewa. Sindinathe kumufotokozera kuti ndikulirira munthu wina amene sanapeze mwayi womva mawu oterowo.

Sabata yotsatira tinakwera minibasi kupita ku vila. Ntchito yake sinatenge nthawi, m'mimba munangopota ngati kumwezi. Namwino wa kumeneko anaitana amuna anga n'kuwauza kuti kwa mwezi wathunthu tisakhalire pamodzi. Iwo anayankha kuti "Chabwino" maso ali pansi, ndipo atafika kunyumba anasamutsira mphasa yawo pabalaza osanyinyirika. Chaka chitatha ndinakayezetsanso, namwino anati palibe kanthu.

Nkhani inamveka m'mudzi monse, monga zimakhalira. Madzulo ena mnzanga woyandikana naye nyumba, amene ankatsogolera zonena za kumsika zija, anabwera ngati akudzapempha mchere. Anakhala pakhonde nthawi yaitali, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati zimapweteka. Ndinamuuza zoona, kuti chimavuta ndi kuvula, zinazo n'zochepa. Anafunsanso ngati ndingamuperekeze. Lachiwiri lake ndinasiya khasu, tinapita wapansi, ndipo ndinamudikira panja mpaka anatuluka.