Mbereko ya Nkhanu

Fungo la matope otentha ndi dzuwa likangondifika m'mphuno, ndimaona mayi Malita atawerama m'mbali mwa Shire, chitenje atachikwinyira m'chiuno, mkono wonse uli mu una wa nkhanu. Anali oyandikana nafe kwa Makhuwira, Msena wamasiye wochokera ku Mozambiki, ndipo sanabalepo mwana. Anthu ankawanena kuti chumba, iwo n'kumangoseka ndi mano awo ofiira ndi fodya.

Mayi anga atamwalira, ine ndili kamtsikana, ndinkangowatsata mayi Malita paliponse. Chinali chaka cha njala, madzi atakokolola chimanga chonse, ndipo tinkadya nyika, timizu ta zomera za m'dambo, ndiwo zake nkhanu.

Tsiku lina ndinapeza nkhanu ziwiri zitakumbatirana, mimba zitagundana, zili duu. Ndinatola kamtengo kuti ndizileretse.

"Iwe, ukuleretsa chiyani? Si ndewu imeneyo, ndi ukwati," anatero mayi Malita akuseka mpaka kutsokomola. "Ukadzakula udzamva."

Nkhanu iliyonse ankayamba aitembenuza. Yaimuna imakhala ndi kachivindikiro kopyapyala kumimba, yaikazi chachikulu chobulungira, ndipo chimenechi iwo ankachitcha mbereko. Akachikanula pang'ono ndi chikhadabo n'kupezamo mazira, kapena tiana tamiyendo ngati ulusi, ankaibwezera m'madzi. Ine ndinkalira ndi mkwiyo, poti zimenezo ndiye zinali zikuluzikulu.

"Nkhanu siitaya mazira m'madzi ngati chule," ankatero. "Imayenda nawo mpaka aswe, ndipo ana siiwamasula chigoba chisanalimbe."

Kenako kunabwera amalume. Anati apeza banja ku Blantyre lofuna mtsikana wolera mwana, ndipo kumeneko ndizikadya n'kukhuta. Za sukulu ndiye zithere pomwepo. Zovala zanga anali ataziika kale m'jumbo, ndipo ndinachita mantha osati masewera.

Mayi Malita anafika ndi ndowa yawo n'kugwada chapatali. Anatulutsa nkhanu yomwe anaisunga dala, n'kuitembenuza pamaso pa amalume. Tiana tinali piringupiringu.

"Bambo, ndi njala yonseyi, iyi ndikukaibweza kumtsinje. Nanga mwanayu chigoba chake chalimba?"

"Inu za ana mungadziwe chiyani?" anayankha amalume.

Mawuwo anawalasa mayi Malita.

"Kubala sindinabale, zoona. Koma kubereka ndingathe. Mbereko yanga ilibe munthu."

Amalume anayang'ana tiana ta nkhanu tija. Kenako ananyamula jumbo lija n'kuliika pafupi ndi ndowa.

"Takhuta," anathokoza motero mayi Malita m'Chisena chawo, akuwomba m'manja.

Ndinakulira m'nyumba yawo mpaka kumaliza sukulu, nthawi zina tikugonera nyika zomwezo. Ndinkawakonda mayi amene uja, ndipo mpaka pano ndimawasowa. Pamaliro awo wolankhula wina atanena kuti malemuwa sanasiye mwana, ndinaimirira pakati pa anthu kuti andione. Kumsana kwanga kunali mwana wanga woyamba, nditamubereka ndi chitenje chawo chakumtsinje chija. Ndimachisungabe, ngakhale chinang'ambika m'mphepete.