Kalata Yokodwa M'waya

Dzulo ku Boma, mtsikana wa pakompyuta anandiuza kuti, "Agogo, imelo ya mwana wanu sinafikebe."

"Tsegulani bokosilo muone bwino!" ndinakuwa. "Mwina yakodwa m'waya."

Anaseka. Akuti intaneti siikola kalata.

Andiphunzitse za waya ine?

Ndili mwana, bambo atapita ku Joni, ndinkazemba kumalayini a antchito a pa esiteti n'kukagunditsa khutu pamtengo wa telefoni, pakati pa munda wa tiyi. Mtengowo unkanunkha phula, ukulira ngati njuchi. Ndinkayesa kuti ndi amuna a kumigodi akulankhula onse pamodzi. Ndinkakuwa pamng'alu wake, "Ababa, ndine! Mubwera liti?" Kenako ndinkadikira mpaka nkhungu itandinyowetsa malaya.

Mawu anga okuwawa ndinawatenga pamenepo. Koma mtsikanayo sananame, waya sakola kanthu. Bambo sanayankhe, mwananso sanalembe.